Wophunzira ntchito kapena wantchito wotchipa?

Wachinyamata akapeza ntchito yoyamba, chimwemwe cha pakhomo sichichedwa kusanduka mtsutso. Kalata yabwera, malipiro atchulidwa, achibale athokoza Mulungu, koma pakangotha miyezi iwiri kapena itatu mwana uja wayamba kudandaula kuti ntchito yamukulira kuposa ndalama zomwe akulandira. Mbali imodzi kumakhala akuluakulu, amalume kapena azakhali omwe adathandiza kulipira fizi. Mbali ina kumakhala mwini wake wa ntchitoyo, yemwe amadzuka m'bandakucha kukalimbirana minibasi ku Bangwe, ku Chinsapo kapena ku Chibavi. Pali munthu wachitatu amene sakhala nawo pabwalo la banjalo koma mawu ake amamveka, ndiye bwana wolemba ntchito. Onse atatu ali ndi mfundo zoyenera kuzimva, koma ndinene poyera pomwe ndaima: malipiro ochepa a munthu woyamba ntchito amakhala achilungamo pokhapokha ngati ntchito yomwe wapatsidwa ilidi ya munthu woyamba, yopepukirapo, yoyang'aniridwa ndiponso yomuphunzitsa kanthu. Akamusenzetsa ntchito ya munthu wokhwima n'kumamulipira ngati wophunzira, akumudyera masuku pamutu, ngakhale iye mwini atalandira kalatayo ndi manja awiri.

Amalume amalankhula motere: "Mphwanga, tayang'ana anzako amene unamaliza nawo sukulu. Ndi angati ali pantchito? Ena akugulitsa kaunjika, ena akuyendetsa kabaza, digiri ili m'sutikesi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Gwira ntchito, usawerengere maola, mabwana akudziwe, za ndalama udzalankhula ukakhazikika." Mawu amenewa si a munthu wosaganiza. Chaka ndi chaka UNIMA, MUBAS, LUANAR, MUST, KUHeS, Mzuzu University ndi masukulu aukachenjede omwe si a boma amatulutsa achinyamata ambiri kuposa malo a ntchito zolembedwa omwe alipo. Pamene boma lidayambitsa ndondomeko yotumiza omaliza maphunziro aukachenjede kukaphunzira ntchito m'maofesi ake mu 2018, ndalama yomwe ankalandira inali K80,000 pamwezi, koma ofuna mwayiwo anali ochuluka zedi. Zotsatsa ntchito zambiri m'nyuzipepala zimafuna munthu yemwe adagwirapo kale ntchito zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo zaka zimenezo munthu sangazitole panjira. Amalume akudziwa kuti wokana ntchito lero atha kukhala pakhomo zaka, ndipo mantha awo ndi enieni.

Mphwawo amayankha mwaulemu: "Amalume, ine ntchito sindikuikana ayi. Koma adandilemba kuti ndizisunga mabuku a ndalama. Lero ndine wolandira ndalama pakauntala, ndine wowerenga katundu m'sitolo, ndine wopita kubanki, ndipo Loweruka ndimatseka ndine. Anthu awiri adasiya ntchito, m'malo mwawo sanalembemo wina. Ndalama ikasowa amadula pamalipiro anga. Kodi pamenepa ndine wophunzira?" Apa m'pamene ndikuona kuti awiriwa akuyankha mafunso osiyana. Amalume akuyankha funso lakuti kodi mwanayu alandire ntchitoyi kapena ayi, ndipo pa funso limenelo nthawi zambiri amalondola. Mphwawo akufunsa ngati zomwe akumuchitira zili zachilungamo. Munthu atha kulandira chinthu chosalungama chifukwa cha njala, ndipo kulandirako sikuchisandutsa cholungama. Tikamati malipiro ndi abwino chifukwa aposa kukhala pakhomo, ndiye kuti palibe malipiro oipa padziko lapansi, pakuti ngakhale K20,000 imaposa kusalandira kanthu. Muyeso umene umavomereza chilichonse suthandiza kuweruza mlandu uliwonse.

Muyeso woyenera ulipo kale, ndipo sitifunika kuupeka. Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mosaponderezedwa ndi kulandira malipiro oyenera, komanso kuti ntchito zofanana kulemera kwake zilipidwe mofanana. Lamulo la ntchito la mu 2000 lidaika maola 48 pasabata ngati malire a nthawi yogwira ntchito, ndipo lidati maola owonjezera pa tsiku la ntchito alipidwe kamodzi ndi theka, pomwe ogwiridwa pa tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma alipidwe kawiri. Tiyerekeze mtsikana yemwe amalandira K200,000 pamwezi, amalowa 7 koloko m'mawa n'kuweruka 7 koloko madzulo, masiku asanu ndi limodzi pasabata, ndipo amapuma ola limodzi masana. Pasabata wagwira maola 66, kutanthauza kuti maola 18 ndi owonjezera. Maola 18 amenewo akalipidwa kamodzi ndi theka amafanana ndi malipiro a maola 27. Choncho pasabata amayenera kulipidwa ngati wagwira maola 75, ndipo pamwezi ndalama yake ikadakhala K312,500. Mwezi uliwonse K112,500 yake ikutsala m'thumba la kampani. Iyi si nkhani ya kunyada kwa ana amakono kapena kusapirira. Ndi masamu a ku pulayimale, ndipo wachinyamata aliyense wokayika za malipiro ake ayenera kuyambira pamenepa, kugawa ndalama yake ndi maola omwe amagwiradi, osati omwe adalembedwa m'kalata.

Ena amati bola malipirowo aposa omwe boma lidakhazikitsa ngati otsikitsitsa. Malipiro otsikitsitsa adali K50,000 mu 2021, adafika K90,000 mu 2024, ndipo mu 2025 adakwera kufika K126,000. Koma chiwerengero chimenechi ndi malire apansi omwe wolemba ntchito akatsikirapo wapalamula mlandu. Sichidaikidwe kuti chikhale mtengo wa ntchito ya mphunzitsi, namwino kapena wowerengera ndalama. Tikumbukirenso kuti ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti malipiro omwe amalume ankawaona ngati apamwamba zaka zisanu zapitazo lero sakwanira thumba la chimanga, lendi ndi thiransipoti. Bungwe la Centre for Social Concern limatulutsa kawirikawiri mtengo wa zinthu zofunika pa banja la m'tauni, ndipo aliyense wofuna kutsutsana mwachilungamo angachite bwino kuyang'ana kumeneko asanayambe kudzudzula mwana. Pa K200,000 ya mtsikana uja pachoka msonkho, pachoka 5 peresenti ya penshoni, ndipo ngati adaphunzira ndi ngongole ya boma, tsiku lobweza likubwera. Minibasi ya m'mawa ndi madzulo, chakudya cha masana ndi zovala zoyenera ofesi ndi ndalama zomwe munthu amawononga chifukwa choti ali pantchito. Zotsala zikakhala zosakwana kulipira chipinda chimodzi ku Ndirande kapena ku Kawale, ndiye kuti makolo omwe akumusungabe pakhomo ndi amene akulipirira kampaniyo gawo la wantchito wake.

Tsopano timve bwana, chifukwa nayenso ali ndi zonena: "Achinyamata amenewa akabwera sadziwa kanthu. Digiri ali nayo, koma kulemba risiti kumawavuta. Miyezi yoyamba ndimataya nthawi ndi ndalama kuwaphunzitsa, akangodziwa ntchito amathawira kwina. Bizinesi nayo yavuta, ndalama zakunja kulibe, magetsi amazima, chiwongoladzanja cha kubanki n'chokwera. Mukandikakamiza kulipira zambiri, sindilemba aliyense." Gawo loyamba la mawu awa ndikugwirizana nalo. Munthu woyamba amachedwa, amalakwitsa, amafuna womuyang'anira, ndipo n'zoyenera kuti alandire zochepa poyerekeza ndi yemwe wagwira ntchitoyo zaka khumi. Kuphunzitsidwa ndi malipiro ndithu. Koma bwana akanena kuti akulipira ndi maphunziro, maphunzirowo aoneke. Kodi womuphunzitsayo ndani, ndipo amakhala naye liti? Ntchito yake amaiona ndani isanatuluke? Kuphunzirako kudzatha liti, ndipo kukadzatha malipiro adzasintha motani? Lamulo la ntchito lija limati nthawi yoyesedwa ya munthu wa luso isapitirire miyezi 12, chifukwa ngakhale opanga malamulo adaona kuti kuphunzira kuli ndi polekezera. Wachinyamata amene wasiyidwa yekha ndi makiyi, amene amayankha yekha mafunso a makasitomala, amene amadulidwa malipiro ndalama ikaperewera, kampani yavomereza kale mwa zochita zake kuti ndi wantchito wathunthu. Siingamutenge ngati wokhwima pa nthawi yosenza mlandu n'kumutenga ngati mwana pa tsiku la malipiro.

Gawo lachiwiri, la kuvuta kwa bizinesi, ndi loona koma silifika pomwe bwana akufuna kulifikitsa. Kampani yomwe ilibe ndalama zolipira anthu atatu ili ndi ufulu wolemba mmodzi. Ilibe ufulu wopatsa mmodziyo ntchito ya anthu atatu pa malipiro a theka la munthu. Ngati ndalama zachepa, ntchito ichepe, maola achepe, kapena bwana anene poyera kuti pakadali pano angathe zakutizakuti ndipo zinthu zikasintha adzawonjezera mwakutimwakuti, n'kulemba lonjezolo papepala. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti mavuto a kampani amatsetserekera kwa munthu amene alibe mphamvu zokana, ndipo munthu ameneyo ndi watsopano uja. Izi n'zimene zimandipweteka mtima pankhaniyi, chifukwa kusankha wofooka kuti asenze katundu wolemera si ngozi ya zachuma, ndi chiganizo chomwe munthu amapanga akudziwa.

Amalume atha kubwereranso n'kunena kuti zonsezi n'zakanthawi, luso lomwe mwana akupeza lidzamulipira m'tsogolo. Nthawi zina zimatero. Koma taonani amene angakwanitse kupirira chaka chathunthu pa malipiro osakwana thiransipoti ndi chakudya: ndi mwana yemwe makolo ake ali ndi nyumba ku Namiwawa kapena ku Area 47. Mwana wochokera ku Nsanje kapena ku Chitipa, yemwe abale ake akudikira kuti awatumizire kangachepe ka feteleza, amagonja msanga n'kubwerera kumudzi, ngakhale atakhala wanzeru kuposa mnzakeyo. Malipiro otsika kwambiri a ntchito yoyamba amasefa achinyamata potengera chuma cha makolo awo. Ndiponso malipiro oyamba amamutsata munthu. Olemba ntchito ambiri amafunsa kuti kumene mukuchokera mumalandira zingati, ena amafuna kuona pepala la malipiro, n'kuwonjezerapo pang'ono chabe. Penshoni nayo imawerengedwa pa malipiro omwewo, 10 peresenti kuchokera kwa wolemba ntchito ndi 5 peresenti kuchokera kwa wantchito, moti woyamba motsika amasunga zochepa pa zaka zomwe ndalamazo zikadakhala ndi nthawi yaitali yoswana.

Pa chinthu chimodzi amalume ndiwapatsa ulemu wonse: mphwawo asasiye ntchito ndi mkwiyo, ndipo asalowe mu ofesi ya bwana akukalipa. Pa nthawi yoyesedwa lamulo limalola mbali iliyonse kuthetsa mgwirizano popanda chidziwitso, choncho wolankhula mopupuluma atha kudzipeza ali panja mawa lake. Koma kusamala sikutanthauza kukhala chete. Lamulo limafuna kuti makampani apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza ntchito yake, maola ake ndi malipiro ake, ndipo kupempha chikalata chimenecho si mwano. Kulemba m'kabuku nthawi yolowa ndi yoweruka tsiku lililonse sikupweteka aliyense, koma tsiku lokambirana ndi umboni wosatsutsika. Kufunsa anzake a ntchito yofanana m'makampani ena kuti amalandira zingati kumamuthandiza kudziwa ngati dandaulo lake lili ndi maziko, pakuti nthawi zina adzapeza kuti akulipidwa bwino ndipo chomuvuta ndi kuzolowera chabe. Zikakanika, maofesi a zantchito ali m'maboma, ndipo bwalo la milandu ya zantchito, Industrial Relations Court, lidakhazikitsidwa chifukwa cha nkhani ngati zimenezi.

Wachinyamata wa zaka 23 amene wangoyamba ntchito sangachite zonsezi payekha ngati kunyumba akumuuza kuti kufunsa ndi kusayamika. Amalume omwe adagwira ntchito zaka makumi atatu amadziwa kulemba kalata yopempha kuwonjezera malipiro, amadziwa nthawi yabwino yolankhula ndi bwana, ndipo mwina amadziwa munthu ku ofesi ya zantchito. Akhale naye pansi mphwawoyo, atenge kalata yolembedwera ntchito ndi kabuku ka maola kaja, awerengere limodzi. Akapeza kuti ntchito ndi malipiro zikugwirizana, amuuze apirire. Akapeza kuti mwezi uliwonse ndalama ngati K112,500 ija ikutsalira kukampani, amuthandize kulemba kalata yopempha kuwonjezera malipiro.