Madzi sadziwa mdani

Mlenje woponya mubvi amasankha nyama yake. Munthu wothira katupe m'dziwe sasankha. Imafa milamba, timafa timatemba tosayenera n'komwe kulowa m'nkhali, ndipo mawa lake amayi obwera ndi mitsuko amapeza madzi oti sangamwe. Pa nkhondo palinso zida zonga mubvi ndi zida zonga katupe, ndipo kugumula damu kuli m'gulu laciwirili. Funso loti tilingalire pamodzi, abale, ndi ili: mkulu wa asilikali akaona kuti mdani angaime pokhapokha atamutsegulira madzi, nagumuladi damu, kodi walakwa?

Tisafulumire kunena kuti inde, cifukwa amene anacitapo zimenezi sanali amisala. Mu Juni 1938 asilikali a Japan anali kuyandikira mzinda wa Zhengzhou ku China, pamene pamakumana njanji zikuluzikulu ziwiri. Asilikali a Chiang Kai-shek anali atatheratu mphamvu, akungobwerera m'mbuyo. Kumeneko kuli mtsinje wa Huang He, umene umayenda pamwamba kuposa minda yozungulira cifukwa matope akhala akuunjikana pansi pake kwa mibadwomibadwo, moti umangogwidwa ndi makoma a dothi. Chiang analamula kuti khoma ligumulidwe pa malo ochedwa Huayuankou. Madzi anasefukira m'zigawo za Henan, Anhui ndi Jiangsu, ndipo Ajapani anaimadi. Mizinga ndi magalimoto zinatitimira m'thope.

Koma anaima nthawi yaitali bwanji? Anangosintha njira, nadzera m'mphepete mwa mtsinje wina, wa Yangtze, ndipo mzinda wa Wuhan, umene boma linkafuna kupulumutsa, unagwa mu Okutobala caka comweco. Phindu lonse linali miyezi inayi. Mtengo wake, malinga ndi olemba mbiri, unali anthu pakati pa 400,000 ndi 900,000 amene anafa ndi madzi, njala ndi matenda, kuwonjezera mamiliyoni othawa kwawo. Amenewa sanali Ajapani ayi. Anali alimi a ku China konkuno, eni dziko amene nkhondoyo inkati ikuwateteza. Timati madzi saiwala khwawa, koma mtsinjewu unasocera zaka zisanu ndi zinayi, mpaka mu 1947 pamene anaubwezera m'njira yake.

Pali cinthu cimodzi cimene ine ndimaciona colemera kuposa ciwerengero ca akufa. Boma la Chiang silinavomere kuti ndilo linagumula khomalo. Linalengeza kuti ndege za Japan ndizo zinaphulitsa. Ngati cinthu cinali coyenera, cobisira n'ciyani? Ndipo anthu ambiri a kumunsi sanacenjezedwe mokwanira, cifukwa uthenga wofika kwa mlimi ukanafikanso kwa mdani. Apa m'pamene pali phata la nkhani. Cida cimeneci cimagwira nchito pokhapokha madzi abwere modzidzimutsa, ndipo madzi odzidzimutsa mdani amadzidzimutsanso mayi amene wagona ndi khanda m'nyumba ya kudambo. Sungathe kupulumutsa mmodzi osapulumutsa winayo. N'zimenenso zinacitika mu Ogasiti 1941, pamene Asovieti anaphulitsa damu lawo lomwe la pa mtsinje wa Dnieper ku Zaporizhzhia pothawa Ajeremani: madzi anakokolola anthu wamba pamodzi ndi asilikali awo omwe.

Wina anganene kuti: cabwino, kumiza abale ako n'kulakwa, nanga damu la mdani? Usiku wa pa 16 Meyi 1943 ndege 19 za Britain zinapita kukaphwanya madamu a ku Germany amene ankapatsa madzi ndi magetsi mafakitale a cigawo ca Ruhr. Madamu awiri, Möhne ndi Eder, anang'ambika. Ndege 8 sizinabwerere, ndipo anyamata 53 oyendetsa ndegezo anafa. Ku Britain usiku umenewu amaukumbukirabe monyadira, ndipo luso lake palibe angalikane. Pansi, madzi anapha anthu pafupifupi 1,600. Oposa theka la amenewa sanali Ajeremani. Anali akaidi ndi anthu ogwidwa ukapolo kumaiko ena, ambiri a iwo amayi ocokera ku Soviet Union, otsekeredwa m'misasa ku Neheim kumunsi kwa damu. Anamizidwa ndi amene ankamenyera ufulu wawo.

Oikira kumbuyo ciwembuci ali ndi mfundo yomveka: Germany inakakamizika kucotsa anchito masauzande ku malinga amene inkamanga m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic kuti akakonze madamu. Zimenezo n'zoona. Koma pofika Seputembala caka comweco khoma la Möhne linali litatsekedwa, ndipo mafakitale anali atayambiranso kalekale. Kawirinso, miyezi inayi.

Maiko anaphunzirapo kanthu. Mu 1977 anawonjezera ndime pa mapangano a ku Geneva, ndime ya 56 ya pangano loyamba lowonjezera, yoletsa kuukira madamu, makoma ochinga madzi ndi malo opangira magetsi a nyukiliya, ngakhale atakhala othandiza nkhondo, ngati kutero kungaphe anthu wamba ambiri. Anakonzanso cizindikiro cake: madontho atatu ozungulira ofiirira ngati lalanje, ondandalika pa mzera umodzi. Lamuloli lili ndi mipata iwiri. Limalola kuukira ngati damulo likugwiritsidwa nchito mwacindunji pa nkhondo ndipo palibe njira ina. Komanso limakamba za kuukira mdani, osati za boma logumula damu la m'dziko lake lomwe, pamene tawona kuti masoka aakulu kwambiri anadza motero. Lamulo silinapulumutsenso damu la Kakhovka ku Ukraine, limene linaphwasuka pa 6 Juni 2023 lili m'manja mwa asilikali a Russia. Mbali iliyonse inaloza cala inzake. Nyanja yonse ya kumtunda inaphwa, ngalande zothirira minda zinauma, ndipo madzi anazula mabomba okwirira nawamwaza kumene palibe anawalemba pa mapu. Ife a ku Mozambique cimeneco sitifunika kuuzidwa, cinacitikanso kummwera kwa dziko lathu pa madzi osefukira a mu 2000.

Ndiye tifike kwathu. Damu la Cahora Bassa ku Songo linamangidwa kuyambira 1969 mpaka 1974, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati. Frelimo inalitsutsa poyera, poona kuti ndi njira yolimbitsira ulamuliro wa Apwitikizi ndi ubale wawo ndi South Africa, ndipo Apwitikizi anazinga Songo ndi asilikali. Kenako panadza nkhondo ya zaka 16. Renamo inagwetsa nsanja mazanamazana za mawaya opita ku South Africa, moti magetsi analeka kupita kumeneko kwa zaka zambiri mpaka cakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Nkhondo ziwiri zowawa, zimene ambiri a inu munazithawira kutsidya kwa malire, zinadutsa pamenepo, koma khoma lidakaima.

Kunena kuti unali cifundo cokha kungakhale kunama. Khoma lotere silophweka kuligumula, ndipo alonda analipo. Komabe ndikhulupirira kuti panalinso cifukwa cina: aliyense womenya nkhondo ankayembekeza kudzalamulira cigwa ca Zambezi tsiku lina. Nsanja yagwa imadzutsidwa. Koma madzi a nyanja yonse ija atatsika nthawi imodzi kudzera ku Tete, Mutarara, Caia mpaka Marromeu, wopambana nkhondo akanadzalamulira yani? Amene anaona madzi a mu 1978, pamene zitseko za damu zinangotsegulidwa khoma lili lonse, angayerekeze okha. Mu Novembala 2007 Mozambique inalandira gawo lalikulu la damulo kucokera ku Portugal. Cinalipo colandira.

N'cifukwa cake ndimati kugumula damu kumaulula mtima wa wolamula kuposa nzeru zake za nkhondo. Iye waika pa sikelo miyezi inayi mbali imodzi, midzi ya kumunsi mbali ina, ndipo wapima yekha, eni midziyo osawafunsa. Msilikali, ngakhale wolembedwa mokakamiza, amadziwa kuti ali pa nkhondo, ali ndi mfuti, angathe kubisala kapena kukweza manja. Madzi sungawakwezere manja. Ndipo mkulu wa asilikali angalamule mizinga kuti ileke kuwomba nthawi iliyonse imene wafuna, koma khoma likang'ambika palibenso lamulo lake limene mtsinje ungamvere.

Funso lobvuta likadalipo, ndipo sindikufuna kulizemba: bwanji ngati miyezi inayiyo ikanapulumutsadi dziko lonse? Olemba mbiri ena amati nthawi imene Chiang anagula inathandiza boma kusamutsira anthu ndi makina kumadzulo, ku Chongqing, n'kupitiriza nkhondo mpaka 1945. Tingawavomere. Koma m'zigawo zimene zinamizidwa zija, alimi ambiri otsala anatembenukira kwa Akomyunizimu, ndipo mu 1949 Chiang, atapulumuka kwa Ajapani, anathawira ku cilumba ca Taiwan atagonjetsedwa ndi anthu a mtundu wake.