Nsomba ya m'cidebe ndi nsomba ya mumtsinje

Tikamadandaula za kucepa kwa nsomba m'mitsinje yathu ya ku Angonia, sipalephera wina woyankha kuti zikatha boma lithira zina. Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri kwa anthu oimba foni ku wailesi, ndipo owanenawo si anthu oipa mtima ai. Anaona ndi maso awo alangizi akubwera ndi tiana ta nsomba m'matumba a pulasitiki, n'kutithira m'dziwe lokumba, patapita miyezi mwini dziwe n'kuyamba kudya ndiwo. Ndiye amaganiza kuti mtsinje nawo ndi dziwe lalitali cabe, loti nsomba zikatha tikagula mbewu ina monga timagulira mbewu ya cimanga ku Ulongwe. Funso limene ndikufuna tiliganizire pamodzi ndi lakuti: kodi munthu amene wapha nsomba zonse za pa dziwe la mumtsinje, mawa n'kuthiramo zogula, wabweza cimene anatenga?

Nonse mukudziwa zimene zimacitika mwezi wa Okutobala, madzi akaphwera n'kutsala m'maiwe okha. Anyamata amasinja katupe n'kumuvundula m'madzi. Masiku ano ena sasinjanso, amangothira mankhwala otsala opopera tomato ndi mbatatesi. Pakapita kanthawi zonse zimayandama mimba ili m'mwamba: matemba, milamba, nkhanu, acule, ndi tiana tosakwana n'cala comwe, timene palibe amene angatitole. Kumunsi kwa dziwelo kuli amayi akutunga madzi, kuli ng'ombe zikumwa. Ena amakokolola ndi neti ya udzudzu imene anapatsidwa ku cipatala kuti mwana azigonamo. Lamulo la za usodzi la dziko lathu la Mozambique, la nambala 22 la caka ca 2013, limaletsa kupha nsomba ndi mankhwala akupha kapena zophulika. Koma wolondera dziwe la m'dambo la ku Domwe usiku ndani?

Apa pali dandaulo limene sindifuna kulilumpha, cifukwa lili ndi mano. Ku Cahora Bassa kumabwera alendo a mabwato a injini ocokera ku South Africa ndi ku Zimbabwe kudzawedza nsomba ya mano akuthwa ija, imene Apwitikizi amati peixe-tigre. Sabwera ndi njala. Amalipira cilolezo, amaikoka nsombayo mpaka itatopa, amaijambula, ambiri n'kuibwezera m'madzi. Lamulo limawalola, bola asagulitse zimene agwira. Munthu wa kumudzi akamva zimenezi amagwira pakamwa: wosewera ndi ndiwo aloledwa, ine wofuna ndiwo ndiletsedwa? Ife tinaleredwa kuti cakudya saseweretsa, ndipo ineyo mpaka lero masewero amenewa sandigwira mtima. Nsomba yong'ambika kukamwa si nthawi zonse imacira ikabwezedwa. Ndiponso midzi ya m'mbali mwa nyanjayo ili ndi ufulu wofunsa kumene ndalama za zilolezo zimathera.

Komabe tikayeza bwino, lamulo silikufunsa kuti ndani ali ndi njala. Likufunsa kuti munthuyo akacoka, m'madzi mutsala ciani. Mbedza imatenga nsomba imodzi, yaikulu, imene yaikira kale mazira. Mono wa agogo athu unali ndi mipata yoti tiana tizituluka. Katupe sasankha, amatenga nsomba ya lero pamodzi ndi ya caka camawa. Amene amavulala naye si mlendo wa bwato la injini, amene adzangosintha malo okasewera. Ndi mayi wa m'mudzi wa kumunsi amene ankayembekeza matemba a m'dziwe lomwelo kufikira mvula itagwa. Wosauka akathira katupe amalanda wosauka mnzake, ndipo n'cifukwa cake sindivomereza kuti njala yokha imamasula munthu pa mlandu umenewu.

Tsono tibwerere ku mawu aja akuti lithira zina. Nzeru yothira nsomba m'madzi a cilengedwe inafika m'cigawo cathu cino ndi owedza osewera omwewo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 Angerezi anathira nsomba ya m'madzi ozizira, ya trout, m'mitsinje ya pa phiri la Zomba, ndipo pambuyo pake m'madamu a ku Chelinda pa Nyika. Sanaithirire ndiwo za m'mudzi. Anali madzi ocepa, okhala ndi mlonda, ndi cilolezo, ndi ndalama zothirira zina. Kumeneko mawu akuti tithira zina anali ndi mwini wake wolipira. Kuwanyamula mawu omwewo n'kuwaika pa Lifidzi kapena pa Revubwe, mitsinje yopanda mpanda imene imadutsa midzi yosawerengeka, ndi kudzinamiza.

Sindikunena kuti kuthira nsomba sikunapindulepo. Kapenta amene timagula pa msika si wa m'Zambezi. Anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika n'kuthiridwa ku Kariba mu 1967 ndi 1968, ndipo anatsika yekha ndi madzi kudzafika ku Cahora Bassa, damu limene linatsekedwa mu 1974. Lero amadyetsa mabanja ambirimbiri, ndipo ndani wa ife sanadyepo nsima ya kapenta? Koma onani cimene cinacititsa kuti zitheke. Nyanja zimenezi ndi zopangidwa ndi anthu, ndipo pakati pake panali madzi akuya opanda mwini, cifukwa nsomba za mumtsinje zinkakhala m'mphepete. Kapenta analowa m'nyumba yopanda munthu.

Nkhani ya tilapia ya ku Nile ndi ina. Nsomba imeneyi alimi amaikonda cifukwa imakula msanga, ndipo ndi imene imawetedwa m'maiwe ambiri m'dziko lathu. Inathawa m'malo owetera nsomba n'kulowa mu Kariba, kumene inapeza tilapia ya komweko, mwini mudzi. Inailanda malo oswanirana, kwina n'kukwerana nayo, moti lero tilapia ya ku Kariba ili pa mndandanda wa nsomba zimene zatsala pang'ono kutheratu. Woyang'ana m'dengu la msodzi sangaone vuto, dengu ladzaza. Ndi amene anaidziwa nsomba yakaleyo yekha amene angazindikire kuti mtundu wathunthu ukucoka pa dziko. Zofanana ndi zimenezi zinacitika ku nyanja ya Victoria, kumene nsomba yaikulu yodya zinzake imene inathiridwa m'zaka za m'ma 1950 inameza mitundu yambirimbiri ya nsomba zazing'ono.

Ife a m'malire nkhani imeneyi ikutikhudza kuposa anthu a ku Tete kapena ku Lilongwe. Malire athu, monga anawalemba Apwitikizi ndi Angerezi mu 1891, amatsata msana wa mtunda pamene madzi amagawikana. Mukaima pa msika wa Lizulu mvula ikugwa, dontho la mbali yathu likupita ku Zambezi, la tsidya la msewu likupita ku nyanja ya Malawi, imene ife timati Niassa. Nsomba payokha singaoloke msana umenewu. Ingaoloke m'cidebe, pa njinga, popita kwa acimwene amene anakwatira ku Dedza n'kukumba dziwe lawo kumeneko. Dziko la Malawi limaletsa tilapia ya ku Nile m'madzi opita ku nyanja yawo, poopa kuti ingacite kwa cambo zimene inacita ku Kariba. Ife amene tili ndi abale mbali zonse ziwiri, amene timapita ku maliro ndi ku maukwati osaona kuti taoloka, mwina lamulo limeneli timaliona ngati nkhani ya asilikali a pa Kalomwe. Koma dziwe la m'dambo likasefukira mu Febuluwale, nsomba za m'menemo zimatsata madzi, ndipo zikalowa mumtsinje palibe boma limene lingazitolenso. Madzi akatayika saoleka. Munthu wa mtima wabwino, wongofuna kuthandiza mbale wake ndi mbewu ya nsomba, angathe kuyambitsa cinthu cimene asodzi a ku Salima, anthu amene sadzawaona nkhope, adzalire naco zaka zambiri.

Ndiye yankho langa pa funso lija ndi lakuti ai, sanabweze. Pa bwalo la mfumu, ng'ombe zanu zikadya dimba la mnzanu mumalipa, ndipo mlandu umatha cifukwa kabici ndi kabici, wina alowa m'malo mwa mnzake. Koma mukabwereka nkhuku ya cikuda imene imadziwa kudzifunira cakudya ndi kubisa anapiye ake kwa kabawi, n'kubweza nkhuku ya cizungu yodikira kudyetsedwa, mwini wake angakane ngakhale yanuyo ili yonenepa. Nsomba ya mumtsinje ili ngati nkhuku ya cikudayo. Matemba athu amapirira madzi ozizira a mwezi wa Juni, amene tilapia ya m'dziwe imasiya kudya nawo n'kuleka kukula. Amadziwa nthawi yokwera ndi madzi oyamba kukaswana m'madambo. Mlamba umadziwa kudikira m'matope. Tsidya linalo mpasa umacoka m'nyanja n'kukwera Linthipe ndi Bua kukaikira mazira pa miyala ya mumtsinje, ndipo pamene miyalayo yakwiririka ndi dothi locokera m'minda yolimidwa mpaka m'gombe, mpasa ukucepa. Nzeru zimenezi sizibwera m'thumba la pulasitiki. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuceza ndi alimi, sindinaonepo mlangizi atanyamula matemba a mu Lifidzi kuti akawabwezere kwawo.

Cimene cimandisautsa kwambiri pa mawu akuti lithira zina ndi cakuti amacotsa mlandu pa mutu wa woipha nsombayo n'kuusenzetsa munthu wosaoneka wa ku ofesi. Akapanda kubwera, wolakwa ndi iye. Ife tayera m'manja.

Pali malo ena pafupi nafe pamene anthu anasankha njira yosadikira cidebe ca boma. Pa cilumba ca Mbenji, m'boma la Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi caka ndi caka kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Mvula ikayamba mu Disembala asodzi onse amacoka pa cilumbapo, n'kudzabwerera mu Epulo. Pa cilumbapo saloleza mowa kapena juga. Palibe nsomba imene amathiramo, amangozisiya ziswane, ndipo utaka wa ku Mbenji ndi wodziwika. Lamulolo limagwira nchito cifukwa limaluma aliyense mofanana, mwini makoka ambiri ndi wa bwato limodzi, mbale wa mfumu ndi mlendo, ndipo wolakwa amaweruzidwa pamaso pa anthu amene amamudziwa.

Ife tilibe cilumba, ndipo mitsinje yathu ndi yaing'ono. Koma tili ndi mafumu ndi anyakwawa amene amatha kuletsa kudula mitengo ya kumanda popanda wapolisi. Midzi iwiri kapena itatu yomwa mtsinje umodzi ingathe kugwirizana kuti dziwe lakuti ndi lakuti, kumene nsomba zimabisala m'cilimwe, lisakhudzidwe ndi katupe kapena neti ya udzudzu, mbedza ndi mono zokha ziloledwe, ndipo mwana wa mfumu akagwidwa alipe mbuzi monga wina aliyense. Sizingathetse njala ya mu Januwale, ndipo padzakhala okwiya, makamaka caka coyamba pamene phindu silinaoneke.

Wofuna nsomba zambiri akumbe dziwe lake, palibe coipa. Alikumbe pamalo poti madzi osefukira sangalifikire, aike sefa potulukira madzi, ndipo alangizi akabwera ndi thumba lawo awafunse dzina la nsomba ili m'katimo. Akamva kuti ndi ya ku Nile, nsombayo izicoka pa dziwepo itafa kale, popita ku mphika kapena ku msika.