Kodi Kuzunzidwa Kumalimbitsa Mwana?

Pa sekondale yogonera komweko imene ndinaphunzirako panali mnyamata wachibwibwi m'Fomu 1. Usiku anyamata akuluakulu ankamuimika pabedi kuti atchule dzina la mudzi wake, ife tonse n'kumafa nacho chiseko. Pofika teremu yachitatu anali atasiya kukweza mkono m'kalasi, chonsecho masamu ankatiposa tonsefe. Atakadandaula kwa akuluakulu anangomuuza kuti, "Limba mtima, ndiwe mwamuna. Nafenso tinadzera momwemo."

Anzanga, mawu amenewa ambiri a ife timawakhulupirira. Timati mavuto ndiwo amasula munthu. Koma tiyeni tiyambe taona chimene chimachitika m'mutu mwa mwana wa msinkhu umenewu.

Jean Piaget wa ku Switzerland anaonetsa kuti kuyambira zaka 11 kapena 12 mwana amayamba kuganiza zinthu zimene sakuziona, ngakhalenso kuganiza za maganizo a ena. Mu 1967 David Elkind anawonjeza kuti luso latsopanoli limamchititsa wachinyamata kumva ngati maso a anthu onse ali pa iye. Tsono kamwana ka zaka 6 kakanyozedwa kamalira n'kubwerera ku masanje. Wa zaka 14 amapita nacho chitonzocho kogona, nadzifunsa kuti, "Kapena akunena zoona?" Iyi ndi nthawi imene akufuna kudziwa kuti iye ndani, ndipo yankho amalitola pankhope za anzake. Ubongo wake nawo sunakhwime, pakuti mbali yakutsogolo, yothandiza kuweruza ndi kudziletsa, imapitirira kukula mpaka munthu atapyola zaka 20.

Vuto limene limalimbitsa ndi lija munthu angathe kuligonjetsa, monga mayeso kapena khasu. Dan Olweus anafotokoza kuti nkhanza za pasukulu n'zobwerezabwereza ndiponso zochokera kwa amphamvu kupita kwa wosatha kudziteteza. Pamenepo mwana aphunzirapo chiyani, kupatula kuti kuyesa n'kopanda pake? Ku Norway anyamata atatu ozunzidwa anadzipha mu 1982, ndipo mu 1983 dzikolo linayamba ndawala yothetsa mchitidwewu m'sukulu zonse.

Nanga tingamthandize bwanji mwana wotere? Poyamba timumvere ndi kumukhulupirira, timuuze mosabisa kuti wolakwa si iye. Wamkulu ndiye aletse nkhanzazo, osamsiyira mwana. Tisamunyengerere ndi matamando abodza, chifukwa nzeru zake zakula ndipo bodza amalizindikira. Timpatse ntchito yeniyeni imene angaithe, kaya kuthandiza mnzake masamu kaya kuimba kwaya, kuti umboni woti ndi munthu adzionere yekha. Ndipo apeze bwenzi, ngakhale mmodzi.

Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ine sindinammenyepo mnyamata uja. Ndinkangoseka. Koma ozunza aja ankafuna omvera, ndipo omverawo tinali ife. Inu amene mukaphunzitse m'sekondale mukachoka pano, mudzamupeza mnyamata ameneyu atakhala kumbuyo, ali chete. Mudzamuuza chiyani?