Mnyamata wa Kunyanja ndi Mlonda wa Paphiri

Padangokhala mnyamata wina wa ku Nkhotakota amene anakulira m'bwato. Pa kusambira panalibe womuposa m'mudzi monse. Atakula anatsatira amalume ake ku Cape Town kukasaka ganyu.

Lamlungu lina amalumewo anapita naye kugombe la Muizenberg. Asanaponde mchenga anamulozera phiri.

"Mphwanga, ukuona kakhumbi kali m'mbali mwa msewu wa Boyes Drive uko? Muli mlonda wa bungwe la Shark Spotters. Chiyambire 2004 anthu amenewa amakhala pamenepo ndi magalasi oonera patali, kuyang'ana shaki. Mbendera ikakhala yobiriwira, madzi ndi oyera ndipo sanaone kanthu. Yakuda, madzi ndi avundu, maso awo sakufika pansi. Yofiira, shaki yaoneka posachedwa. Koma ukaona yoyera n'kumva lipenga, tuluka osacheuka."

Mnyamatayo anaseka. "Amalume, ine ndinkasambira kumene ng'ona zimaothera dzuwa. Ndiope nsomba? Munthu uyo akungodyera ndalama kukhala pansi."

"Nyanja ino ndi ya eni ake," anatero amalume. "Pakati apo pali chilumba cha Seal Island, chodzaza zinyama zonona zimene shaki zimadya. Shaki sisaka munthu, koma m'madzi avundu imayamba yaluma kuti idziwe chimene yapeza."

Tsiku limenelo mbendera inali yakuda. Anthu ankasambira chapafupi, m'magulu, madzi olekeza m'chiuno. Mnyamata uja anadumphira mafunde n'kupitirira onse, mpaka kuseri kumene mafunde amayambira. Kumeneko mbalame zinkagwera m'madzi ngati matalala, chizindikiro choti pansi pali khamu la nsomba. Mwana wa msodzi ankadziwa bwino kuti pamene pasonkhana nsomba zazing'ono, zazikulu sizikhala patali. Koma anthu kugombe ankamuyang'ana, ndipo mtima wake unali pamenepo.

Paphiri paja mlonda anaona chithunzithunzi chakuda chikuyenda pang'onopang'ono. Lipenga linalira, mbendera yoyera inakwera. Ana, amayi ndi anyamata a matabwa oyandama onse anatuluka. Amalume anakuwa mpaka mawu kusasa: "Mphwanga, bwerera!"

Mnyamatayo anakweza dzanja, kuonetsa kuti saopa. Anati atsale pang'ono chabe kuti akakhale womaliza kutuluka.

Kenako anamva chinthu chikumugunda mwamphamvu pantchafu. Madzi anafiira. Shakiyo inaluma kamodzi, n'kumusiya, n'kupita.

Anyamata awiri anabwerera m'madzi momwemo, moyo wawo uli m'manja, namukweza pathabwa. Kumtunda anamumanga ntchafu ndi chingwe cha thabwalo kuti magazi asiye. Opulumutsa anthu anali atafika kale, chifukwa mlonda uja, amene iye ankati akudya ndalama zaulere, anawaitana pa wailesi shaki isanalume n'komwe.

Madokotala anaupulumutsa mwendowo, koma mpaka lero mnyamatayo amayenda motsimphina. Atatuluka m'chipatala anapempha amalume ake kuti akwere naye kuphiri kuja, ndipo anakagwada pakhomo pa kakhumbi kaja kuthokoza mlonda.

Nthano yathera pomwepa.