Walira mvula, walira matope

Mwambiwu unabadwira kumunda. Mwezi wa Novembala ukafika dzuwa likuswa mtengo, aliyense maso amakhala kumwamba kudikira mvula. Koma mvula siyenda yokha. Ikagwa njira zimaterera, mitsinje imasefukira, zipupa zosalimba zimagwa. Choncho akuluakulu ankatanthauza kuti wopempha chinthu wapemphanso zonse zimene chinthucho chimabwera nazo, ndipo zikafika asadandaule. Sankaletsa munthu kukhumba zabwino. Ankangomuuza kuti awerengere mtengo wonse asanayambe.

Masiku ano mwambiwu ukuwakwana bwino anyamata okonda galimoto zotsitsa ku Ndirande, Chilomoni ndi Zingwangwa. Zokondedwa zawo ndi monga Toyota Altezza, yomwe inkapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2005, Toyota Mark X ya pakati pa 2004 ndi 2019, komanso BMW 3 Series. Zambiri mwa izi mphamvu ya injini imapita ku matayala akumbuyo. Njira yotchipa yotsitsira ndi kudula masipuling'i ndi gulayinda. Tsiku lomwelo galimoto imakhala pansi, marimu ali waliwali, ndipo ikadutsa pasiteji anthu amacheuka. Mvula ndiye imeneyo.

Matope amaoneka ponyamuka. Woyendetsa akaponda moto mwamphamvu, makamaka pachitunda kapena phula likanyowa, kumbuyo kumayamba kunjanja kuti du! du! du! Amakaniko ena vutoli amalitcha wheel hop. Chimachitika n'chakuti tayala likagwira phula, mphamvu ya injini imakankha ndi kupinda mabushi a labala amene amagwira mikono ya tayala, difu ndi chimango chonyamula zonsezi. Labalayo akapindika mpaka pamapeto, tayala limataya phula n'kuzungulira pachabe. Pomwepo mabushi amabwerera m'malo, tayala limagwiranso, ndipo zimayambiranso, kangapo pa sekondi imodzi.

Oyenera kuziziritsa kunjanjaku ndi mashoko. Koma shoko lopangidwira galimoto ya msinkhu wake likakumana ndi sipuling'i yodula, limakhala lopanikizika kale galimoto ili chiimire. Mpata woyendamo umachepa, limagunda pansi pafupipafupi, kenako limayamba kudontha mafuta. Tisaiwalenso kuti galimoto zambirizi zimachokera ku Japan zitayenda kale zaka, n'kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe mabushi ake atakalamba. Wodula sipuling'i amawonjezera katundu pa zinthu zotopa kale.

Kugwira ndi kutaya kumeneku kumamenya zitsulo ngati nyundo. Ma CV joint amathyoka, mashafti amapotoka, zogwirira difu zimang'ambika. BMW 3 Series ya mtundu wa E46 imadziwika ndi vuto long'aluka pansi pamene chimango chakumbuyo chimamangidwa, ndipo kunjanja kumangofulumizitsa ngoziyo. Kutsitsa kumapendeketsanso matayala akumbuyo, mitu yake kuloza mkati, moti amadyeka mbali imodzi kwinaku akugwira phula ndi gawo lochepa.

Wovomera matope amayamba ndi zosaoneka. Choyamba galimoto ikwere pajeke, makaniko aone mabushi onse a mikono, a difu ndi a chimango, ndipo otha achotsedwe. Ambiri amaikamo a polyurethane, omwe sapindika msanga ngati labala. Chachiwiri, masipuling'i odula atayidwe. M'malo mwake mulowe masipuling'i aafupi opangidwira ntchitoyo limodzi ndi mashoko ogwirizana nawo, kapena ma coilover amene munthu amatha kukweza ndi kutsitsa. Chachitatu ndi mikono yotheka kusintha utali, kuti tayala liimenso bwino, kenako alayimenti. Mpweya wa m'matayala ukhale woyenera. Wa galimoto ya magiya apamanja aphunzire kusiya kilachi mofatsa, ndipo akamva kunjanja achotse phazi pamoto nthawi yomweyo. Pamapikapu monga Hilux, omwe kumbuyo ali ndi masipuling'i osanjikiza, vutoli limadza chifukwa ekiselo imapotokola masipuling'iwo, ndipo mankhwala ake ndi zitsulo zoigwira kuti isapotoke.

Apa ndiye pamene mwambiwu umazama, chifukwa mankhwalawo nawonso ali ndi matope ake. Mabushi olimba amalowetsa phokoso ndi kunjenjemera m'galimoto. Kulira kwa difu kumene kale labala ankameza, tsopano okwera amakumva. Mashoko olimba amasangalatsa mu Masauko Chipembere Highway, koma panjira zamiyala zolowera m'makwalala a ku Bangwe kapena Machinjiri msana umadziwa. Ku Soweto, kumene masewera ozungulitsa BMW 325iS yotchedwa gusheshe anatchuka, ochita masewerawo amadziwiratu kuti matayala atha tsiku lomwelo, ndipo amabwera ndi ena. Galimoto ya ku Chilomoni ntchito yake ndi ina: mawa ipita kuntchito, Loweruka kuukwati, tsiku lina kumaliro kumudzi itanyamula anthu asanu, n'kuwoloka mahampu onse a m'njira. Msinkhu wake uyenera kuganizira maulendo onsewo.

N'chimodzimodzi ndi wolowa m'banja, wotenga ngongole kapena wofuna udindo. Chokoma chimaonekera kutali, pomwe cholemera chimadziwika munthu atalowa kale. Nzeru ndi kufunsa amene anadutsamo, n'kuona ngati ungasenze. Tsono mnyamata amene ndalama zake zikungokwanira marimu ndi gulayinda, galimotoyo aisiye kaye pamsinkhu wake. Akadzapeza za mabushi, mashoko ndi alayimenti, adzaitsitse pang'ono, mwa muyeso woti ikafikebe pakhomo pake nyengo ya dzinja.