Kwa Inu Ofufuza za Umoyo wa Okalamba

Adzukulu anga, inu a ku KUHeS ndi ku Bunda amene mumatsika pa Mitundu ndi pa Nathenje mutanyamula mapepala a mafunso, tcherani khutu. Ntchito yanu ndi yabwino, koma ili ndi mwambo wake.

Yambirani kwa amfumu, ndipo muyende ndi mlangizi wa zaumoyo amene amadziwa khomo lililonse. Mukafika odirani, khalani pansi, mulonjerane kaye. Fotokozani m'Chichewa chomveka chimene mwadzera. Agogo akakana, tsanzikani mwaulemu. Kudinda chala pa pepala limene munthu sanalimve si kuvomera.

Pofunsa musathamangire kuchonga. Kufunsa kuti "Mumamwa mankhwala a BP?" n'kosakwanira. Funsani kuti kuchipatala cha Mitundu amafikako bwanji, nanga wakabaza amamulipira ndani. Funsani kuti mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikauma, amadya kangati patsiku. Ambiri akulera adzukulu amasiye, ndipo nsima ikachepa amayamba kudya ndi ana; mankhwala a shuga n'kugwera m'mimba mopanda kanthu. Pemphani kuona buku lawo la kuchipatala. Wina adzakuuzani kuti maso anatha ndi ukalamba, chonsecho ndi ng'ala, imene madokotala a maso ku Nkhoma amachotsa munthu n'kuyambanso kuona. Mukapeza wotere muuzeni kopita, musangomulemba.

Samalani kwambiri ndi nkhani ya kuiwalaiwala. Agogo amene ayamba kusokonekera mutu, kusochera kapena kuyenda usiku, anthu sachedwa kuwatcha mfiti. Mu Januwale 2016, ku Neno, okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti. Inu mwaphunzira kuti kuiwalaiwala kotere ndi matenda a ubongo, choncho afotokozereni achibale modekha. Mayina a amene mwacheza nawo asungeni mwachinsinsi, chifukwa mawu amodzi otayika pa chitsime atha kuwotchetsa nyumba ya munthu.

Boma linakhazikitsa ndondomeko ya okalamba mu 2016, ndipo aphungu anavomereza lamulo lowateteza mu 2024. Thandizo la ndalama la Mtukula Pakhomo linayambira ku Mchinji mu 2006. Zonsezi zili m'mabuku. Inu fufuzani ngati zafika pa khonde la agogo akumudzi: ndani akulandira, ndani watsala, ndipo ndalamayo ikathera m'manja mwa yani.

Chomaliza ndicho chachikulu. Midzi yatopa ndi alendo ofunsa amene saonekanso. Mukamaliza kulemba, bwererani kwa amfumu, itanitsani msonkhano, muwauze anthu zimene munapeza. Kapepala kena ka zotsatirazo kasiyeni kwa akulu a chipatala ndi ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Lilongwe. Digiri ndi yanu, koma nkhaniyo ndi ya eni ake. Chonde, ana anga, ibwezeni kwawo akadali moyo.