Safunsa anadya phula, nanga mwana timamuletseranji?

Munthu wa m'mwambi uja sanasowe chakudya. Uchi anaupeza, chisa chonse chili m'manja, koma poopa kuoneka wosadziwa sanafunse kuti chodyedwa n'chiti. Anzake akunyambita zala, iye n'kuti akulavula phula. Makolo anamutcha Safunsa, ndipo mpaka lero timamuseka.

Chimene chimandidabwitsa n'choti mwambiwu timausungira akuluakulu. Timaunena kwa mkamwini amene walima kudumpha malire, kapena kwa mlendo amene wasochera popita kudimba. Koma katswiri wofunsa pamudzi, mwana wa zaka zitatu, ndiye timamutseka pakamwa.

Ndinaziona mu minibasi pamsewu wa M1, tikuchoka pa Sorgin kulowera ku Bangula, m'dera la Mfumu Yaikulu Mbenje. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuchigwa likuswa mtengo. Kamtsikana kena kanali pamiyendo pa mayi ake, nkhope ili pawindo. Ng'ombe zikatseka msewu, iko kankafunsa m'Chisena kuti, "Thangwi yanji?" Galimoto ikaima, "Thangwi yanji?" Kataona mlambe wopanda masamba, funso lomwelo la chifukwa chiyani. Pa funso lachinayi mayi aja anakatsina pantchafu, ndipo kanakhala duu mpaka tinatsika. Mayiwo sindikuwaimba mlandu. Anali ndi wina kumbuyo, thumba la mapira kumapazi, thukuta lili kamukamu. Inenso ndinatsinidwapo chotero, ndipo ndinatsinapo wanga.

Komatu kamtsikanako kakadzakwana zaka 6 kadzalowa Sitandade 1. Kuyambira mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, makalasi oyambirira m'madera ambiri amadzaza mpaka mphunzitsi mmodzi kuyang'anira ana oposa 100. Kumeneko palibe amene adzakhale ndi mpata wokanyengerera kuti kalankhule. Buku lidzakhala la Chichewa, pamene iko kanayamwa Chisena. Ndiye mphunzitsi adzafunsa kuti, "Ndani sanamve?" ndipo kalasi yonse idzangoti zii. Tidzati anawa ndi aulemu. Ambiri mwa iwo adzakhala akutafuna phula.

Kafukufuku wa MICS amene nthambi ya boma yoona za chiwerengero cha anthu inachita mu 2019 ndi 2020 mothandizidwa ndi UNICEF anapeza kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi mmodzi yekha mwa asanu ndiye amatha kuwerenga nkhani yophweka n'kuimvetsa. Boma linayambitsa ndondomeko ya National Reading Programme mu 2016, mabuku anafika, aphunzitsi anaphunzitsidwa kaphunzitsidwe katsopano ka malembo ndi maphatikizo. Zonsezo n'zofunika. Koma kuwerenga si kutchula ba be bi bo bu kokha. Kuwerenga ndi kucheza ndi munthu amene palibe. Wolembayo wayankhula, ndipo wowerenga ayenera kumvetsera, kudikira, kudzifunsa kuti kalulu wabisaliranji, n'kulosera chimene chikubwera. Mwana amene sanachezepo ndi anthu amene akuwaona, adzacheza bwanji ndi amene sakumuona?

Azungu anazifufuza zimenezi ndi makina awo. Mu 1995 Betty Hart ndi Todd Risley a ku Kansas anafalitsa zimene anapeza m'mabanja 42, zoti ana amasiyana kwambiri pa kuchuluka kwa mawu amene amamva kunyumba. Anthu anatengeka ndi nambala. Koma mu 2018 Rachel Romeo ndi anzake a ku MIT ndi Harvard, atayeza ubongo wa ana a zaka 4 mpaka 6, anapeza kuti chimene chinkagwirizana kwambiri ndi luso la chinenero ndi kulandizana mawu: wamkulu anene, mwana ayankhe, wamkulu abwezenso. Kumuthira mwana mawu ngati madzi a mumtsuko sikokwanira. Wayilesi imayankhula tsiku lonse, koma siidikira yankho la mwana.

Ndikawerenga zimenezi ndimaseka pang'ono, chifukwa agogo anga, amene sanagwirepo choko, ankazidziwa. Madzulo tikadya, iwo ankati, "Ndagi!" ife n'kuti, "Gize!" Chilapi chikaponyedwa, ngakhale wamng'ono kwambiri anali ndi ufulu woyesa. Akalakwa tinkamuseka, koma ankayesanso. Nthano nayo sinkayenda yokha. Agogo akati "Padangokhala," osamva "Tili tonse," ankaima n'kufunsa ngati tagona. Pakati pa nthano pankakhala nyimbo yoti tivomere. Tikafunsa chifukwa chimene fisi anachitira zopusa, ankatibwezera funso: "Nanga iwe ukanatani?" Sitinkadziwa kuti imeneyo ndi sukulu. Tinaphunzira kudikira nthawi yathu, kusunga mutu wa nkhani, kuzindikira kuti mawu amodzi akhoza kunena china n'kutanthauza china. Tsiku limene ndinapatsidwa buku, ndinapeza kuti ndi agogo omwe aja, kungoti agona papepala.

Alipo amene anganene kuti mwana wofunsafunsa amakula wamwano. Nkhawayo ndimaimva. Kuchigwa kuno mwana amaphunzira msanga kugwada, kulandira ndi manja awiri, kunena "takhuta" akapatsidwa kanthu, ndipo palibe amene akufuna kuti zimenezo zithe. Koma kufunsa ndi kubweza mawu ndi zinthu ziwiri. Mwana wamwano safuna yankho. Wofunsa akuvomereza kuti inu mukudziwa zimene iye sakudziwa, ndipo ulemu woposa pamenepo sindikuudziwa. Ndiponso kuphunzitsa mwana nthawi yofunsira, kuti adikire alendo amalize kuyankhula, ndi mbali ya luso lomwelo. Kumuuza kuti "dikira" kumasiyana ndi kumuuza kuti "usadzayerekeze."

Kwa Mbenje nkhaniyi ili ndi kulemera kwina. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anasandutsa sukulu zambiri za m'chigwa cha Shire kukhala misasa ya anthu othawa madzi. Maphunziro ankaima, mabuku ankanyowa kapena kupita ndi madzi. Sukulu za mkombaphala, zimene amaziyendetsa ndi anthu ongodzipereka, zimatsekeka ufa wa phala ukatha. Chimene Shire sangakokolole ndi pakamwa pa mayi, pa bambo, pa agogo. Ngakhale mu tenti, mwana akhoza kufunsidwa kuti walota chiyani usiku.

Ndipo zisavute kuti macheza ake ndi a m'Chisena kapena Chimang'anja pamene buku ndi la Chichewa. Mwana amene amatha kufotokoza m'chinenero cha mayi ake mmene bambo amakokera ukonde, kuyambira poyamba mpaka pothera, wanyamula kale mtolo waukulu. Chotsala ndi kusintha mawu. Wovutika ndi amene alibe nkhani m'chinenero chilichonse.

Sizifuna ndalama. Popita kudimba muuzeni dzina la mbalame imene yadutsa, ndipo mumufunse kuti ikupita kuti. Posankha thonje, potola masawu, popala nsomba, mulekeni anene zake zosamveka bwinozo mpaka amalize, musamulande mawu m'kamwa. Abambo, nkhaniyi si ya amayi okha. Foni ija ikhoza kudikira. Ndipo akadzakufunsani "thangwi yanji" kachinayi, inu mutatopa, yankho mulibe, muuzeni kuti simukudziwa, mukafunsire limodzi kwa agogo ake.